Gombe la Durban: njira ya makilomita 8 ndi ntchito yobisika pansi pake

Mukafika ku gombe la Durban, ku South Africa, cha m'ma 5 koloko m'mawa, mupeza anthu afika kale. A Ziyoni ovala zoyera ali m'madzi olekeza m'chiuno, akubatiza. Amayi akutunga madzi amchere m'zigubu kuti apite nawo kwawo. Ena akuthamanga, ena akupalasa njinga, agogo akuyenda pang'onopang'ono atapinda thalauza. Palibe amene walipira pachipata, chifukwa chipatacho palibe. Ife a ntchito ya mapulani a mizinda tikafuna kudziwa ngati gombe lili la anthu onse, funso lathu loyamba limakhala lapafupi: kodi munthu wopanda ndalama m'thumba angayende mtunda wautali bwanji m'mbali mwa madzi asanakumane ndi mpanda kapena mlonda? Ku Durban angayende pafupifupi makilomita 8, kuchokera ku Blue Lagoon, pomwe mtsinje wa uMngeni umathira m'nyanja, mpaka pakamwa pa doko.

Sizinali choncho kale. Mpaka chaka cha 1989 panali zikwangwani zolembedwa m'Chingerezi, m'Chiafirikanzi ndi m'Chizulu, zonena kuti malo osambirawo ndi a azungu okha. Lamulo la tsankho logawa malo oterewa linakhazikitsidwa mu 1953 ndipo linathetsedwa mu 1990. Koma kuzula chikwangwani n'kosavuta. Gombelo linatsala ndi mipanda ya mtundu wina: nyumba zakale zomangidwa pafupi kwambiri ndi madzi, malo oimika galimoto, makoma, ndi tinjira tamdima tomwe munthu sakanadutsamo dzuwa litalowa.

Mpata unapezeka pokonzekera mpikisano wa mpira wa dziko lonse wa 2010. Khonsolo ya eThekwini, yomwe imayendetsa mzinda wa Durban, inayamba ndi kugumula. Nyumba zotchinga zinachotsedwa, galimoto zinakankhidwira kumtunda, ndipo anayala njira imodzi yotakata ya oyenda pansi, yolumikiza malo achisangalalo a uShaka Marine World ndi dera la bwalo la mpira la Moses Mabhida. Mu 2019 anaiwonjezera ndi mamita 750 kumbali ya dera lotchedwa Point, mpaka inakafika pa doko.

Kutakata kwa njirayo kuli ndi chifukwa. Njira ikachepa, wa njinga amalimbana ndi mayi wobereka mwana, ndipo wofooka ndi amene amapatuka. Ikatakata, aliyense amapeza pake: wokoka rikisho ndi nthenga zake kumutu, wogulitsa mikanda, wa pa njinga ya olumala. Kusaduka kwake nako kumathandiza pa chitetezo. Mbava imakonda pokhota, pomwe palibe maso. Pamalo poti anthu akudutsa kosalekeza ndipo munthu akuona patali, kuba kumavuta. Magetsi ndi apolisi amangowonjezera pamenepo. Kunena zoona, ine ndimaona kuti chimbudzi chaulere chosamalidwa bwino ndi mpopi wotsukira mchenga kumapazi zimasunga anthu pagombe kuposa chipilala chokongola chilichonse, ngakhale palibe nduna imene imakonda kukadula riboni pachimbudzi.

Zonsezi ndi zooneka ndi maso. Zimene zimadya ndalama chaka ndi chaka zili pansi.

Choyamba ndi mchenga. Ambiri amaganiza kuti mchenga wa pagombe umangokhala pomwepo kuyambira kalekale. Ayi, umayenda. M'gombe la KwaZulu-Natal mafunde amaukokera kuchokera kummwera kupita kumpoto, ngati mtsinje wosaoneka. Tsono doko la Durban lili kummwera kwa malo osambira, ndipo makoma ake aatali olowa m'nyanja amadula ulendowo. Mchenga umaunjikana kuseri kwa khoma, pomwe kumpoto mafunde akupitiriza kukokolola umene ulipo. Kusiya zinthu choncho, gombe lingathe n'kutsala miyala. Choncho sitima yapadera imayamwa mchenga pafupi ndi pakamwa pa doko, n'kuukhuthulira pamalo pomwe mapampu amausakaniza ndi madzi ndi kuutumiza m'mapaipi mpaka pagombe. Dongosolo la mapampuli linayamba mu 1982. Milatho yolowa m'nyanja ya pagombepo, yomwe asodzi ndi ojambula zithunzi amaikonda, ntchito yake ina ndi kugwira mchengawo kuti usathawe msanga. Vuto likukula chifukwa mchenga wochokera m'mitsinje ukuchepa: madamu amautsekereza, ndipo okumba mchenga womangira nyumba amautenga usanafike kunyanja. Amene anaona momwe malole amakumbira m'mitsinje ya kwathu akudziwa zimene ndikunena.

N'chifukwa chake pokonzanso gombelo anabwezeretsa timilu tamchenga pakati pa njira ndi madzi, n'kubzalapo zomera za komweko zopirira mchere. Alendo ena amadandaula kuti timipanda tozungulira zomerazo tikuwalepheretsa kudula njira. Mizu yake ndi imene imamanga mchenga kuti mphepo isaupititse mumsewu, ndipo mafunde akakwiya, monga anachitira mu Marichi 2007 pomwe anaononga kwambiri gombe lonselo, mulu wamchenga umalandira nkhonya m'malo mwa konkire.

Chachiwiri ndi suweji, ndipo apa Durban yapunthwa. M'mwezi wa Epulo 2022 mvula yoopsa inapha anthu oposa 400 m'chigawocho, inaphwanya mapaipi ndi malo oyeretsera zonyansa, omwe ena anali atatopa kale chifukwa chosakonzedwa. Zonyansa zinalowa m'mitsinje, mitsinje n'kuzithira m'nyanja. Poyeza madzi anapeza tizilombo ta E. coli tochuluka, chizindikiro choti m'madzimo muli chimbudzi cha anthu, ndipo magombe ambiri anatsekedwa kwa miyezi. Njira yokongola ija inali pomwepo, yosesedwa bwino, koma kusamba kunaletsedwa. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mahotela anataya alendo, koma wolemera anangopita kukasamba kwina. Amene analuza kotheratu ndi wogulitsa ayisikilimu, ndi banja la ku makomboni a Umlazi kapena KwaMashu lomwe tchuthi chake chonse ndi tsiku limodzi lija lokwera minibasi kupita kunyanja. Paipi imene inawalanda tsikulo mwina inaphulika makilomita ambiri kumtunda, kudera komwe mlendo safikako.

Abale athu ambiri amene akugwira ntchito ku Durban amalidziwa gombeli pa tsiku la chaka chatsopano, pomwe khamu limadzaza mpaka mchenga osaoneka. Tsiku limenelo ndiye mayeso enieni a mapulani. Opulumutsa anthu amazika mbendera zofiira ndi zachikasu, ndipo kusamba kumaloledwa pakati pa mbenderazo basi. Kutsogolo m'nyanja muli maukonde ochepetsa nsomba za shaki, omwe anayamba kuikidwa mu 1952. Ana amavekedwa tizibangili tolembedwa nambala ya foni ya kholo, chifukwa m'chipwirikiti chotere mwana amasowa pa kuphethira kwa diso. Pofika madzulo mumapezabe ana angapo atakhala pa mipando m'tenti ya khonsolo, mchenga uli mbuu m'miyendo, akudikira kuti foni ya mayi awo iyankhidwe.