Mutu woyambira kukhosi ndi zimene ife a mafizo timachita

Pali mutu wina umene Panado amangounyengerera. Umayambira kunkhongo, n'kukwera mbali imodzi mpaka pamphumi kapena kuseri kwa diso, ndipo susintha mbali. Mukakhalitsa mutawerama pa makina osokera kapena pa foni, wayamba. Mukasenza ndowa mtunda wautali, wayamba. Ambiri amauyesa waching'alang'ala, ena amathamangira kukayezetsa maso, chikhalirecho gwero lake lili m'khosi. Dokotala wa ku Norway, Ottar Sjaastad, ndi anzake ndiwo anaulongosola ngati vuto lapalokha mu 1983.

Khosi lili ndi mafupa 7. Mitsempha yotuluka pa atatu apamwamba imakathera malo amodzi ndi mtsempha waukulu wonyamula uthenga wa ululu wa kumaso. Mfundo za pamenepa zikauma, ubongo umalandira uthenga koma sudziwa bwino kumene wachokera, ndiye inu mumamva ngati diso likufuna kutuluka.

Munthu akabwera, sitithamangira kumusisita. Timamugoneka chagada, kuweramitsa mutu wake mpaka chibwano chiyandikire chifuwa, kenako kuutembenuza pang'onopang'ono uku ndi uku. Apa tikuyesa mfundo ya pakati pa fupa loyamba ndi lachiwiri, imene payokha imagwira pafupifupi theka la ntchito yocheuka. Mbali yodwala imaima msanga. Tikadinikiza ndi chala pansi pa chigaza, wodwala amadzidzimuka: "Eya, mutu wake ndi womwewu!"

Chithandizo chake n'chofatsa. Ndi zala zazikulu timakankha mfundo youmayo pang'ono, kuisiya, kuikankhanso, mobwerezabwereza, n'kufewetsa minofu yokungika ya kunkhongo. Ena amabwera akuyembekeza kumva khosi likulira kuti "tho!" ndipo likapanda kulira amaona ngati tawabera. Phokosolo si mankhwala. Ine sindikonda kupotokola khosi mwamphamvu, chifukwa m'mafupa amenewa mumadutsa mitsempha ya magazi yopita ku ubongo, ndipo kukankha mofatsa kumathandiza popanda kuiika pachiswe. Wometa tsitsi akafuna kukulizani khosi ngati basela, mukaneni.

Koma si manja okha amene amathandiza. Mu 2002, Gwendolen Jull ndi anzake ku Australia anafalitsa kafukufuku wa anthu 200 amene anathandizidwa kwa masabata 6. Amene anawongoledwa ndi manja ndiponso amene anachita mafizo, mutu unachepa, ndipo phindu lake linalipobe patatha miyezi 12. Mafizo ake ndi osaoneka n'komwe: gonani chagada, gwedezani mutu pang'ono ngati mukuvomera mawu a apongozi, gwirani masekondi 10, masulani. Mukaona minofu ya kutsogolo kwa khosi yatukuka ngati zingwe, mwapyola muyeso. Ntchito imeneyi ndi yanu kunyumba, tsiku ndi tsiku, ndipo apa m'pamene ambiri amagwa ulesi ululu ukangochepa.

Si mutu uliwonse wofunika manja athu. Mutu wobwera mwadzidzidzi ndi mphamvu yoti simunaimvepo, mutu wa pambuyo pa ngozi, kapena wodza ndi chizungulire, kuona zinthu ziwiriziwiri, lilime kulemera kapena dzanja kufooka, pitani nawo kuchipatala tsiku lomwelo. Chimodzimodzi khosi louma thupi likutentha, makamaka kwa amene ali ndi HIV: amenewo angakhale matenda oumitsa khosi, ndipo kuthowa ndi madzi otentha kumangochedwetsa mankhwala.