Mitengo iwiri ya ku Holyroodhouse yomwe ankati inatha

Mu 1902, nazale yotchuka ya Späth ku Berlin inatumiza mbande zitatu za mtengo wa elm ku Royal Botanic Garden, munda wosungira ndi kufufuzira zomera mumzinda wa Edinburgh, ku Scotland. Mtundu wake ndi Wentworth elm, womwe akatswiri amaulemba kuti Ulmus 'Wentworthii Pendula'. Ndi mtengo wautali, wa masamba aakulu onyezimira, nthambi zake zimazolika ngati zikufuna kukhudza pansi, ndipo nyengo yozizira ya kumeneko ikamatha umachita maluwa ofiira.

Kaundula wa kumundako analemba kuti zinafika zitatu. Koma pambuyo pake mabuku amangokamba za mtengo umodzi, ndipo umenewo unafa mu 1996 ndi matenda otchedwa Dutch elm disease. Matendawa amayamba ndi fangasi yemwe amanyamulidwa ndi tizilombo toboola makungwa. Akalowa, mitsempha yokweza madzi imatsekeka, masamba amachita chikasu n'kufota, mtengo n'kuuma uli chiimire. Mitengo ya elm yoposa 25 miliyoni inapita motero ku Britain. Choncho utafa wa 1996 uja, anthu anati basi, mtunduwu watha m'dzikomo.

Mu 2016, Dr Max Coleman wa kumunda womwewo akuyendera mitengo ya kunyumba yachifumu ya Holyroodhouse ku Edinburgh komweko, anapeza iwiri italiitali, ya mamita pafupifupi 30, ili bwinobwino. Inali Wentworth elm. Chaka ndi chaka alendo masauzande amabwera kuphwando la m'munda wa kunyumba yachifumuyi, olima dimba ankadutsa pansi pake, koma dzina lake linali litaiwalika. Ine izi zimandikhudza kwambiri, chifukwa mitengoyi sinabisike ayi. Chomwe chinasowa ndi munthu woizindikira. Coleman anaganiza kuti iwiriyi ndi ija inasowa pa zitatu za mu 1902, kuti mwina inaleredwa kaye kumunda kuja kenako n'kukadzalidwa kunyumba yachifumu. Pakanapanda mlembi amene analemba nambala yeniyeni ya mbandezo, palibe akanalumikiza nkhani ziwirizi.

Nanga inapulumuka bwanji? Kuyambira m'ma 1980, khonsolo ya Edinburgh yakhala ikuyendera mitengo ya elm ndi kudula msanga iliyonse yodwala matenda asanafalikire. Ndi ntchito yotopetsa yomwe ambiri saiona, ndipo Coleman mwiniwake ananena kuti popanda iyo, iwiriyi mwina ikanafa kale.