Musanagule ekselo yolimba, onani kaye yothyokayo

Mvula ikakhazikika kuno ku Mzuzu, pagalaja pathu sipatha sabata osafika munthu atanyamula chitsulo chokulunga m'thumba. M'mwezi wa Malichi anafika bambo wina, mwini Hilux yoyenda msewu wa Bula mpaka ku Usisya, popita itasenza simenti ndi ufa, pobwera nsomba ndi anthu. Anakhutulira pabenchi shafiti ya kumbuyo ili zidutswa ziwiri, kenaka anandionetsa pafoni chithunzi cha ekselo yonyezimira ya ku America yotchedwa Dana 60.

"Amakaniko, kano n'kachitatu. Ndiitanitsireni iyi basi, ndatopa kugona m'tchire."

Ndinawapempha kuti akhale kaye pansi. Ndinatsuka chidutswa chimodzi ndi palafini n'kutuluka nacho padzuwa. Chinathyokera kufupi ndi beringi, mbali ya tayala. Pothyokapo, gawo lalikulu linali losalala, lokhala ndi timizere tokhota ngati ta pachigoba cha nkhono, ndipo kachigawo kochepa ndiko kanali kokhakhala ngati shuga. Chitsulo chikathyoka chotere ndiye kuti chinang'aluka kalekale, mng'alu n'kumakula pang'onopang'ono nthawi zonse tayala likamazungulira litalemedwa, kufikira tsiku lomwe kotsalako kanagonja. Chinapha shafitiyi ndi katundu. Yophedwa ndi mphamvu ya injini imaoneka mwina: mano a kumapeto omwe timati spline, olowa mu difu (magiya a pakati pa ekselo ogawira mphamvu kumatayala), amapotoka ngati nsalu yofinya, ndipo imathyoka mopendekera. Matenda awiriwa mankhwala ake ndi osiyana, n'chifukwa chake sindiitanitsa ekselo ndisanaone yakufayo.

Tikamati ekselo timaphatikiza zinthu zingapo. Pali chipaipi chakunja chija, housing, chomwe chimasenza galimoto kudzera m'masipuling'i. M'kati mwake muli difu ndi magiya ake awiri, crown wheel ndi pinion, ndiye mashafiti opereka mphamvu kumatayala, ndi maberingi. Wogulitsa akakuuzani kuti ekselo yake ndi yolimba, mufunseni kuti cholimbacho ndi chiti mwa zimenezi. Shafiti yolimba yoikidwa mu housing yopindika imathyokabe.

Kwa wonyamula katundu, nkhani yaikulu yagona pa momwe tayala lakhalira. Pa Hilux ndi mapikapu anzake, tayala limamangidwa pa shafiti yeniyeniyo, ndipo beringi ndi imodzi mbali iliyonse. Shafiti imagwira ntchito ziwiri, kuzunguza tayala ndi kusenza katundu. Imeneyi ndi semi-floating. Ikathyokera kunja kwa beringi, tayala limachoka pamodzi ndi dramu ya mabuleki, ndipo zimenezi zikachitika potsika Chiweta kapena pamakona a Gorodi ndi nkhani ya maliro. Pa full-floating, monga ili kumbuyo kwa Land Cruiser 79 ndi Defender, tayala limakhala pa habu yoyenda pa maberingi awiri omwe akhala pa housing. Shafiti ntchito yake ndi kuzunguza basi. Ikathyoka mumaisolola ndi zidutswa zake zonse, kutseka pabowo, kulowetsa 4x4, n'kukafika kunyumba pokokedwa ndi matayala akutsogolo. Kuizindikira sikuvuta: pakati pa limu pamatulukira habu yozunguliridwa ndi timabawuti. Ngati vuto lanu ndi kulemera, ndalama yanu ipite kumeneku, osati ku dzina la chitsulo.

Ngati vuto ndi mphamvu, tiwerengeko pang'ono. Injini ya dizilo ya Land Cruiser, 1HZ, imapotola ndi mphamvu ya 285 Nm (muyeso wa mphamvu yopotola). Mukalowetsa giya yoyamba ndi low range, giya ya 4x4 yokokera pang'onopang'ono, mphamvuyo imachulukitsidwa pafupifupi ka 40 isanafike kumatayala. Pamsewu wabwino imagawikana kumashafiti anayi. Koma tayerekezani muli pa dothi lofiira loterera lija, pakati pa Thazima ndi Chelinda ku Nyika, matayala atatu akungozungulira, mwatseka diff lock yokakamiza matayala kuzungulira pamodzi, ndipo lachinayi lagwira mwala mwadzidzidzi. Katundu wa anayi wagwera shafiti imodzi, ndipo wagwa ngati nyundo. Mashafiti ambiri opotoka omwe ndawaona anafa chonchi, dalaivala ataponda moto kuti atuluke mwaukali. Kutsogolo chimafa ndi Birfield, mfundo yomwe imalola tayala kukhota likukoka, makamaka chiwongolero chikakhotetsedwa mpaka kumapeto. Ndipo a Land Cruiser 70 omwe difu yakutsogolo ndi ya mainchesi 8, chonde musamakoke galimoto yotitimira mukubwerera m'mbuyo. Mano a crown wheel amagumuka.

Matayala akuluakulu amawonjezera pamenepo. Tayala la 7.50R16 ndi pafupifupi mainchesi 32. Mukaika la 35, mwatalikitsa mkono womwe nthaka ikupotolera shafiti ndi gawo limodzi mwa magawo 10, komanso mwawonjezera kulemera. Galimoto yoteroyo, kapena yoikidwa diff lock, ndiyo yoyenera mashafiti a chromoly 4340, chitsulo chomwe chimalola kupotoka pang'ono n'kubwerera. Kunenepa kwa shafiti kumathandiza kuposa momwe maso amaonera: ikanenepa ndi 10 pa 100, mphamvu yake yokana kupotoka imakwera ndi 33 pa 100. Mano ambiri a spline nawonso ndi abwino, chifukwa amakhala osaya ndipo m'kati mumatsala chitsulo chochuluka. Land Rover zakale zinali ndi mano 10, zatsopanoko 24, Toyota zambiri 30, ndipo Dana 60 yamphamvu ili ndi 35.

Pali chinthu chimodzi chomwe ogulitsa satchula. Mu ekselo simulephera kukhala chofooka koposa zinzake. Mukalimbitsa shafiti, kufookako sikutha, kumangosamukira ku crown wheel ndi pinion, kapena ku transfer case, bokosi logawa mphamvu kutsogolo ndi kumbuyo. Shafiti ya full-floating mnyamata wodziwa amasintha m'mbali mwa msewu ola lisanathe. Crown wheel imafuna kutsitsa difu, kuyeza mpata wa pakati pa mano ndi geji, kupaka utoto kuti muone pomwe mano akukhudzana, ndipo mtengo wake ndi wina. Kwa galimoto yopezera chakudya, yomwe ili pa matayala ake a kufakitale, ine ndimakonda shafiti yeniyeni ya kampani yopanga galimotoyo, ndi ina yapadera kuseri kwa mpando. Ikhale ngati fyuzi ya magetsi, ithyoke iyoyo kuti zodula zipulumuke.

Mwatsimikiza kusintha ekselo yonse? Choyamba ndi magiya. Difu yakutsogolo ndi yakumbuyo ziyenera kufanana ndendende. Werengani mano a crown wheel mugawe ndi a pinion: 41 ndi 10 ndi 4.1, 43 ndi 10 ndi 4.3, 41 ndi 9 ndi 4.56. Musadalire mawu a wogulitsa, tsegulani muwerenge nokha. Zikasiyana, mukalowetsa 4x4 panthaka youma ekselo ziwirizo zimakokana mpaka china chitasweka. Onaninso mabawuti a malimu, pakuti Land Cruiser 70 zakale zili ndi 6 pamene zoyambira 1999 zili ndi 5, komanso pokhala masipuling'i, chingwe cha handibuleki, ndi mawaya a ABS ngati galimoto yanu ili nawo. M'lifupi namonso muyeze. Kuyambira 2007 Land Cruiser 70 inatambasulidwa kutsogolo, kumbuyo n'kutsala kopapatiza ndi mamilimita 95, ndiye m'matope matayala akumbuyo satsata mapazi a akutsogolo. Ambiri amaika zitsulo zotalikitsira kuseri kwa limu. Sindizikonda pa galimoto yolemedwa, chifukwa zimakankhira katundu kunja kwa maberingi. Njira yabwino ndi housing yotambalala yobwera ndi mashafiti ake aatali.

Ndiye pali funso lomwe ndinawafunsa bambo aja: beringi ya Dana 60 ikafa muli ku Usisya, mukaipeza kuti? Ekseloyo ndi yabwino, palibe wotsutsa. Crown wheel yake ndi ya mainchesi 9.75, ndipo inapangidwira mapikapu olemera a ku America. Koma mutha kuzungulira msika wa Taifa ndi masitolo onse a zipangizo za galimoto m'tauni muno osapeza ngakhale silu yake imodzi yotchinga oyilo. Muitanitsa kunja, ndi madola osowawa, mulipira msonkho ku MRA, galimoto ili pamiyala mwezi wathunthu. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Ekselo ya Land Cruiser kapena ya Nissan Patrol, yomwe difu yake H233B ndi yodziwika kulimba, zipangizo zake zimapezeka kuno, ndipo amakaniko a ku Rumphi, Karonga ndi Chitipa amazidziwa m'kati mwake.

Yakaunjika musaiope, koma muiyese. Khuthulani oyilo muone. Akatuluka ngati tiyi wamkaka munalowa madzi, ndipo maginito a pa pulagi akatola tizidutswa togwirika ndi zala, osati fumbi chabe, magiya ayamba kudyeka. Yang'anani zowotcherera pa housing. Kuwotcherera chitsulo cholimbitsa pamwamba pake n'kothandiza, koma kukachitika mothamanga kutentha kumakoka chipaipi n'kuchipinda, ndipo mumagula vuto lomwe mumalithawa.

Ndinenenso ichi poyera, chifukwa ndi miyoyo ya anthu okwera pamwamba pa matumba. Ekselo yolimba sisintha kulemera kololedwa komwe kwalembedwa pa kachitsulo ka galimoto yanu. Chasisi ndi chomwecho, mabuleki ndi omwewo, ndipo tayala lililonse lili ndi malire ake olembedwa m'mbali.

Hilux ya bambo aja tinaikweza pajeke tsiku lotsatira, titaikoka. Matayala akumbuyo anali atadyeka m'kati, silu ya kumanzere ikudontha ngakhale anali atasintha kawiri. Titakoka chingwe kuchokera mbali ina kufika ina, zinaoneka kuti housing inapindika. Nditafunsa za katundu anandiuza mosabisa kuti simenti amakweza matumba 30, omwe ndi makilogalamu 1,500, anthu osawerengera, pa galimoto yopangidwira pafupifupi tani imodzi. Anali atawonjezera masipuling'i kuti isamakhale pansi, ndiye maso ankaona ngati zonse zili bwino pamene chitsulo chikulira.

Tinapeza housing yowongoka, tinaika mashafiti a Toyota ndi maberingi atsopano, tinathira oyilo wa GL-5, ndipo kapaipi kopumira difu tinakatalikitsa mpaka pamwamba pa chasisi kuti powoloka mitsinje madzi asamalowe. Pano amakweza matumba 18, ndipo ndalama yomwe ikanapita ku Dana akusungira Land Cruiser ya pikapu. Anadutsa sabata yatha kudzathira girisi, ndipo silu ija inali youma.