Ndalama zokonzera nthambo za magetsi zimapita kuti? Mafunso a anthu a mu Lilongwe

Mtengo wa magetsi ukakwera, timauzidwa kuti ndalamazo n'zokonzera nthambo, mathiransifoma ndi kugulira zipangizo zamakono. Owotcherera a ku Mchesi ndi a zigayo ku Chinsapo ali ndi mafunso pa nkhaniyi, ndipo ndi mafunso oyenera.

Kodi smart grid yomwe akuinenayi n'chiyani?

Ndi nthambo zomwezi, koma zoikidwa zida zouza makompyuta zomwe zikuchitika. Mwa kachitidwe kakale, nthambo ikaduka ku Area 25, akumagetsi amadziwa pokhapokha wina aimbe foni, kenaka galimoto n'kumayenda polo ndi polo kusaka pomwe pavuta. Zida zatsopanozi zimaonetsa vutolo nthawi yomweyo, ndipo munthu ali mu ofesi atha kudula kachigawo kokhako kuti ena onse magetsi aziyakabe. Akatswiri amazitcha SCADA. Kwa mwini chigayo, kusiyana kwake n'kodikira ola limodzi kapena kutaya tsiku lathunthu, matumba a chimanga ali mbwee pakhomo.

Zinayamba kale kapena ndi malonjezo chabe?

Zina zilipo. Pakati pa 2013 ndi 2018, thandizo la dziko la America la madola 350.7 miliyoni kudzera ku bungwe la boma la dzikolo la Millennium Challenge Corporation (MCC) linamanga nthambo yaikulu ya 400kV yochokera ku Phombeya m'boma la Balaka kufika ku Nkhoma, komanso linabweretsa SCADA. Nthamboyi ndi yofunika kwa ife chifukwa magetsi ambiri amapangidwa pa mtsinje wa Shire, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Ulendo wake kufika kuno ndi wautali, ndipo pa nthambo zazing'ono mphamvu yambiri inkathera m'njira.

Palinso ntchito ya mabatire akuluakulu a 20MW ku Kanengo. Chifukwa chake n'chakuti magetsi a dzuwa, monga a 60MW a ku Salima, amatsika mwadzidzidzi mtambo ukaphimba dzuwa. Mabatire amatseka mpata umenewo zinthu zisanasokonekere.

Ndiye kuthimathima kutha?

Ayi, ndipo aliyense wokuuzani choncho akukunamizani. Kuyambira 2017 ESCOM imagula ndi kugawa magetsi, koma opanga ndi EGENCO ndi makampani ena. Nthambo, ngakhale ichenjere bwanji, singagawe zomwe kulibe. Tinaziona mu January 2022 pomwe namondwe wa Ana anaononga Kapichira, dziko n'kutaya pafupifupi 130MW. Kuchepa kwa magetsi kumathetsedwa ndi malo atsopano opangira, kapena kugula kunja kudzera pa nthambo ya Matambo ku Mozambique kufika ku Phombeya. Zomwe smart grid imachepetsa ndi kuthima kobwera ndi mafolti, kuja kwa mvula yoyamba.

Akulipira ndani?

Ife tomwe. Zina ndi thandizo, zina ndi ngongole monga za World Bank, koma gawo lalikulu limalowa mu mtengo wa mayunitsi. ESCOM imapereka dongosolo lake la zaka zinayi ku MERA, bungwe loyang'anira mitengo ya magetsi ndi mafuta, lomwe limamva maganizo a anthu lisanavomereze mtengo. Dongosolo la 2023 mpaka 2027 linavomerezedwa kuti mtengo uzikwera pang'onopang'ono chaka ndi chaka. Ine sinditsutsa kulipira, thiransifoma sagula ndi masamba. Koma wolipira ali ndi ufulu wofunsa: mwaika mathiransifoma angati, folti mukuikonza m'maola angati, wolipira kale kuti amulumikizire akudikira miyezi ingati? MERA ikaitana anthu kumisonkhano imeneyi, a mabizinesi ang'onoang'ono tizipitako, tisamasiyire makampani akuluakulu okha.

Mita yatsopano imadya mayunitsi ambiri?

Mita imangowerenga. Mtengo ukakwera, ndalama yomweyo imagula mayunitsi ochepa, ndiye amatha msanga. Ngati mukukayikabe, zimitsani zonse m'nyumba muone ngati ikuwerengabe, ndipo ikatero kanenani ku ofesi.

Nanga akuba?

Apa m'pomwe mtima umandiwawa. Thiransifoma imodzi ikabedwa mafuta kapena kopa, dera lonse limakhala mumdima, ndipo ndalama yomwe ikanalumikiza nyumba zatsopano ku Mtandire imapita kogulira ina yolowa m'malo. Zida zamakono zitha kuonetsa kuti yazima, koma woona munthu akukwera polo usiku ndi amene amagona pafupi nayo. Mukaona zotere imbirani apolisi kapena a chitetezo cha m'dera, musakayandikire nokha.