Dzanzi la kachala kakang'ono silichoka ndi timasingano

Pa sabata ndimamva mawu awa kangapo: "Mtsempha wa m'chigongono unathina, ndiye ndakhala ndikubayitsa timasingano ta ku China tija." Ndikafunsa kuti munayamba liti, yankho limakhala miyezi isanu, isanu ndi umodzi, pena chaka. Ine ndine wa fiziyo, wothandiza odwala polimbitsa ziwalo, ndipo si timasinganoto tomwe tandikwana. Chandikwana n'chakuti wobayayo sanafunse funso loyamba: mtsempha wake uti?

Chichewa chathu chimatisokoneza pamenepa. Woyenda magazi timati mtsempha. Chingwe cholimba chomangirira mnofu ku fupa timatinso mtsempha. Winanso ndi uja wonyamula uthenga kuchoka ku ubongo kupita ku zala, wopangitsa kuti mumve kutentha kwa mphika ndi kuti chala chipindike mukachifuna. M'chigongono mumadutsa yonse itatu, ndipo matenda ake ndi osiyana kutali.

Ululu wa kunja kwa chigongono, pa kafupa kotumphuka kaja, kawirikawiri ndi wa chingwe chomangirira mnofu. Mabuku amautcha tennis elbow, koma amene amabwera nawo kwa ine ndi amayi ofinya mabulangete, akalipentala, osema miyala ndi olima m'dimba. Umapweteka ponyamula ketulo kapena popereka moni wa m'manja. Dzanzi palibe. Apa sindikangana ndi aliyense wofuna acupuncture, kubaya timasingano kuja. Bungwe la Cochrane, losanthula kafukufuku wa zaumoyo, litasonkhanitsa kafukufuku wa nkhaniyi mu 2002, linapeza kuti umboni ndi wochepa, ndipo phindu lomwe linaoneka linali lopepuza ululu kwa kanthawi kochepa. Kupepuza ululu si kanthu kachabe, munthu amagonako tulo. Kungoti matendawa kwa anthu ambiri amatha okha chisanathe chaka, ndiye amene anabaya komaliza ndi amene amatamandidwa. Jakisoni wa steroid, mankhwala ochepetsa kutupa, nayenso musamuthamangire: kafukufuku wa ku Australia wa mu 2013 anaonetsa kuti amathandiza masabata oyamba, koma pakutha pa chaka obayidwawo anali kumbuyo kwa anzawo obayidwa jakisoni wopanda mankhwalawo, ndipo ambiri ululu unawabwerera. Chimene chimagwira ntchito n'kusintha kagwiridwe ka chida ndi kulimbitsa mkonowo pang'onopang'ono.

Tsopano za mbali ya mkati, komwe kuli nkhani yanga yeniyeni.

Munagundapo chigongono pa tebulo n'kumva ngati magetsi athamangira ku kachala kakang'ono? Mtsempha womwe munaugundawo dzina lake ndi ulnar. Umadutsa m'kangalande kopapatiza kuseri kwa fupa la mkati, pansi pa khungu penipeni, popanda mnofu wouphimba. Mukapinda mkono, kangalandeko kamathina ndipo mtsemphawo umakokeka. Wogona atapinda mkono usiku wonse, wa minibasi wotsamira chigongono pawindo tsiku lonse, wocheza pafoni maola, onsewa amaufinya. Poyamba dzanzi la kachala kakang'ono ndi theka la chala cha mphete limabwera n'kumapita. Kenako limakhazikika. Pomaliza timinofu ta m'dzanja timayamba kufota.

Kasingano sikakulitsa ngalande, ndipo sikachotsa fupa lomwe likupanikiza. Komanso amodzi mwa malo obaya a acupuncture, otchedwa Xiaohai, ali m'kangalande momwemo, pamwamba pa mtsemphawo. Wophunzira bwino amadziwa zimenezi ndipo amasamala. Wophunzira masabata awiri akamva wodwala akuti "ayi, magetsi!" amasangalala kuti walasa pamalo.

Pali bambo wina, telala wa pakhonde, amene mpaka lero sandichoka m'mutu. Anali wa zaka za m'ma 40. Anabwera chifukwa sizasi inkamupulumuka, ndipo akafuna kupisa dzanja m'thumba kachala kakang'ono kankatsalira kunja. Nditayika manja ake awiri pa tebulo, lamanjalo linali ndi dzenje pakati pa chala chachikulu ndi chamkombaphala, pomwe pamayenera kukhala mnofu wotumphuka. Zala ziwiri zakumapeto zinali zitayamba kukhota ngati za nkhuku. Ndinamupatsa pepala kuti alipanire ndi chala chachikulu, ndikoke. Linatuluka mosavuta.

Anali atabayitsa miyezi isanu ndi itatu kwinakwake m'tauni, kawiri pa sabata, akulipira ulendo uliwonse kuchokera pa ndalama za mayunifomu a ana asukulu omwe ankasoka. Sanali munthu wosasamala. Anandiuza mwaulemu kuti chithandizocho chinkagwira, chifukwa kuyaka ndi kubaya kuja kunatha mwezi wachitatu. Apa m'pamene pamandiwawa. Mtsempha ukamayaka ndi kuchita magetsi ndiye kuti ukadali moyo, ukudandaula. Ukangoti zii koma dzanzi lilipobe ndi mphamvu zikutha, sikuchira kumeneko, ukufa. Wobayayo anamva kuti ululu watha n'kunena kuti pitirizani.

Nditafunsitsa, zinadziwika kuti ali mwana anagwa mu mtengo wa mango n'kuthyoka chigongono chomwecho, ndipo chinapola chopotoka pang'ono. Zoterezi timazidziwa: fupa lopola mokhota limakoka mtsempha kwa zaka 20 kapena 30 kenako dzanja n'kuyamba kufooka. Kungomuuza kuti awongole mikono yonse iwiri kukanaulula nkhaniyi pa tsiku loyamba.

Anachitidwa opareshoni yomasula mtsemphawo ndi kuusunthira kutsogolo kwa fupa. Dzanzi linachepa. Mnofu sunabwerere wonse, ndipo chifukwa chake n'chosavuta kuwerengera. Mtsempha wowonongeka umaphuka pafupifupi milimita imodzi pa tsiku. Kuchoka pa chigongono kufika m'dzanja ndi masentimita 30 kapena kuposa, ndiye ulendowo wokha ndi wa pafupifupi chaka. Mnofu wokhala chaka kapena chaka ndi theka osalandira uthenga umauma, ndipo mtsempha ukafika mochedwa umapeza palibe choudzutsa. Miyezi isanu ndi itatu ija inadyedwa pa nthawi yomweyi.

Pali chinanso chimene wobaya m'chigongono kuno kwathu ayenera kuchidziwa, ndipo ambiri sachiganizira. Khate silinathe m'Malawi. Mtsempha umene khate limakonda kugwira kwambiri pa mkono ndi ulnar womwewu, pamalo omwewa. Umatupa, umamveka ngati chingwe chokhuthala mukaupapasa, ndipo munthu akhoza kukhala ndi banga lotuwa pakhungu losamva kukhudza, mwina kumsana komwe iye saliona. Mankhwala ake ndi aulere m'zipatala za boma, a miyezi 6 kapena 12, ndipo akayambidwa msanga dzanja limapulumuka. Munthu wotere kumubaya timasingano miyezi itatu n'kumulumalitsa. Shuga nayenso amafooketsa mitsempha, ndipo vuto la m'khosi likhoza kutumiza dzanzi ku zala zomwezo. Wosakuvulani malaya, wosakufunsani za shuga, wosayesa mphamvu za zala, sanakuyezeni.

Pali mitsempha ina iwiri yonyamula uthenga kupita ku dzanja, koma za iyo ndingodutsamo. Dzanzi la chala chachikulu, chamkombaphala ndi chapakati, lodzutsa usiku mpaka kukutumula dzanja, ndi la mtsempha wopanikizika polumikizira dzanja ndi mkono, ndipo limakonda amayi oyembekezera. Dzanja longogwa losadzuka mutagonera mkono mutaledzera ndi la mtsempha wa kuseri kwa mkono. Ambiri limabwerera pakapita masabata, koma pitani akalione.

Dzanzi likadali lobwera n'kupita, chithandizo chake chilibe mtengo. Kulungani thaulo kapena chitenje pa chigongono pogona kuti mkono usapindike kwambiri. Lekani kutsamira. Mukapanda kuona kusintha pa masabata asanu ndi limodzi, kapena dzanzi likakhazikika, kapena mukayamba kulephera kumanga mabatani ndi kutembenuza kiyi, pitani kwa a mafupa pa chipatala cha boma cha m'boma lanu. Iwo akhoza kukutumizani ku Queen Elizabeth, Kamuzu Central, Zomba kapena Mzuzu. Mukaona dzenje pa dzanja, musadikire n'komwe masabatawo.

Ngati mwasankha acupuncture pa ululu wa kunja uja, kasingano kalikonse katsegulidwe m'pepala lake inu mukuona, ndipo katayidwe mukatha. Kachilombo ka matenda a chiwindi a hepatitis B kamayenda mosavuta pa singano yobwereza, monga momwe kamayendera pa lezala la mphini lotemera anthu angapo. Wodzitcha dokotala akuonetseni chiphaso cha Medical Council of Malawi. Wokulipiritsani maulendo 20 pasadakhale asanagwire n'komwe zala zanu, tulukani.

Telala uja anabwerera pa makina ake. Kupondaponda ndi kuwongolera nsalu amatha, koma kudula amadulitsa mwana wa mchemwali wake, chifukwa sizasi imafuna mnofu uja wa pakati pa zala ziwiri.