Webusayiti sagula kamodzi n'kuiwala

Kwa zaka zambiri mawu awa akhala akumveka pakati pa eni malo ogona alendo ku Likhubula ndi amalonda a pa Chitakale: "Webusayiti ukalipira kamodzi, ndi yako mpaka kalekale." Ndiye ikazima, wopanga uja amatchedwa wakuba. Zatopetsa, chifukwa si mmene zinthuzi zimayendera.

Ndalama yopangira webusayiti ndi ya ntchito yomanga basi. Dzina lake, lotchedwa domain, simugula. Mumachita lendi ngati shopu ya pamsika. La .com limalipiridwa kwa chaka chimodzi kufika zaka 10. Nthawiyo ikatha osalipiranso, pamakhala masiku ochepa okudikirirani, kenako masiku 30 oliwombola pamtengo wokwera, kenako aliyense angathe kulitenga. Seva yosunga zithunzi ndi masamba, hosting, nayonso ili ndi bilu yake, ya pamwezi kapena pachaka. Satifiketi ya chitetezo, yosonyeza kuti webusayiti ndi yotetezeka, imathanso, ndipo zambiri zaulere zimakhala masiku 90. Ikapanda kukonzedwanso, mlendo wofuna kukwera Sapitwa akatsegula webusayiti yanu amaona chenjezo pafoni n'kuthawa.

Musangokhulupirira zimenezi chifukwa mwaziwerenga pano. Fufuzani mawu akuti WHOIS pa intaneti, tsegulani tsamba lofufuzira ma domain limene latuluka, lembani dzina la webusayiti yanu, mudzaona tsiku lothera la domain yanu. Funsani wopangayo kuti domain inalembetsedwa m'dzina la ndani. Apa mpamene ambiri amalira, chifukwa uthenga wokumbutsa kulipira umapita ku imelo ya amene analembetsa.

Musanatumize ku gulu la WhatsApp kuti wakuti ndi wakuba, yambani mwaona tsiku limenelo ndi risiti yanu.