Matayala awiri kapena anayi kumbuyo? Funsani sikelo, osati wogulitsa

Ku America ndi ku Canada kuli anthu ambiri amene amagula nyumba yoyenda pa matayala n'kumaikoka ndi pikiapu yaikulu. Ena amatero pa tchuthi chokha, ena akapuma pa ntchito amagulitsa nyumba yeniyeni n'kumakhala momwemo chaka chonse. Makalavani akuluakulu mwa amenewa amawatchula kuti fifth wheel, ndipo ochuluka amapangidwa ku Elkhart m'chigawo cha Indiana, kufupi ndi South Bend kumene kumakhala Amalawi ambiri. Munthu akangoyamba kuisirira kalavani yotere, funso loyamba limene amabwera nalo kwa ife okonza magalimoto ndi ili: ndigule pikiapu ya tayala limodzi mbali iliyonse kumbuyo, kapena ya awiriawiri, imene kumeneko amaitcha dually?

Amene anayang'anitsitsapo thiraki ya hosi pa msewu wa M1 kapena pa chipata cha Mwanza akudziwa kale mmene kalavaniyi imamangidwira. Kumbuyo kwa hosi kumakhala chitsulo chachikulu chophwatalala, chodzola girisi, ndipo pansi pa ngolo pamakhala chipini chonenepa chimene chimalowa m'chitsulocho n'kukhomeka. Fifth wheel ndi chimodzimodzi, kungoti chitsulo chokokeracho chimamangidwa m'kati mwa bodi ya pikiapu, pamwamba penipeni pa ekiselo yakumbuyo kapena kutsogolo kwake pang'ono. Ubwino wake ndi woti kalavani siyendayenda uku ndi uku ngati mmene imachitira yomangidwa ku bampala. Koma pali mtengo wake. Kalavani yomangidwa ku bampala imatsamiritsa pa galimoto gawo la 10 mpaka 15 pa 100 la kulemera kwake. Fifth wheel imatsamiritsa 15 mpaka 25 pa 100, ndipo ikadzaza katundu kawirikawiri imadutsa 20. Pikiapu ndiye sikungokoka chabe, ikusenzanso.

Apa ndi pamene anthu amapusitsika. Otsatsa malonda a Ford, Ram, Chevrolet ndi GMC amakonda kulengeza nambala yaikulu ya zimene galimoto ingakoke, ndipo sanama. Injini za dizilo zimene zili m'magalimotowa, Power Stroke ya malita 6.7 mu Ford, Cummins ya 6.7 mu Ram, Duramax ya 6.6 mu Chevrolet ndi GMC, mphamvu zili nazo zosefukira. Ford F-350 ya tayala limodzi ndi F-350 ya dually zikhoza kukhala ndi injini yofanana ndendende. Zonse zikwera phiri bwinobwino. Chimene chimayamba kutha si mphamvu yokoka ayi, koma malire a zimene galimoto ingasenze, amene amati payload.

Nambala imeneyi musaifune m'kabuku kotsatsa. Tsegulani chitseko cha dalaivala, muyang'ane pa chipilala chimene chitsekocho chimatsekerapo. Pali kapepala komata, kachikasu ndi koyera, konena za matayala ndi katundu, ndipo pamalembedwa kuti anthu ndi katundu pamodzi zisapose mapaundi akutiakuti (paundi ndi muyeso wa kulemera, pafupifupi theka la kilogalamu). Nambalayo ndi ya galimoto imeneyoyo mmene inatulukira m'fakitale, osati ya inzake yofanana nayo dzina. Chilichonse chimene chinawonjezeredwa chimadya pa nambalayi: kabu ya zitseko zinayi, kukoka ndi matayala onse, mipando yachikopa yotenthetsa, denga lagalasi. Injini ya dizilo payokha imalemera mapaundi mazana angapo kuposa ya petulo, choncho pikiapu ya dizilo yapamwamba kwambiri imasenza zochepa kuposa yapetulo yosakongoletsa. Ambiri amadabwa akamva zimenezi, ena amakwiya kumene, chifukwa amakhala atalipira kale.

Pafupi ndi kapepalako pali kena kolemba GVWR, kutanthauza kulemera konse kumene galimoto ingafike itanyamula, ndi GAWR, malire a ekiselo iliyonse payokha. Ma dually a F-350, Ram 3500 ndi Silverado 3500HD nthawi zambiri GVWR yawo ndi mapaundi 14,000, pafupifupi makilogalamu 6,350. Anzawo a tayala limodzi amathera cha m'ma 11,000 mpaka 12,000 ndi pang'ono. Pa mapikiapu ocheperako a F-250 ndi 2500 palibe za dually n'komwe, pamene pikiapu ya F-450 imabwera ndi matayala anayi kumbuyo basi.

Tiyeni tiwerengere limodzi, chifukwa nkhani yonse yagona pa samu imeneyi. Tiyerekeze kuti mwaona kalavani imene GVWR yake ndi mapaundi 16,000. Wogulitsa akuuzani za kulemera kwake ikakhala yopanda kanthu, ndipo nambalayo imamveka yokoma. Isiyeni. Palibe amene amayenda ndi kalavani yopanda kanthu. Madzi okha galoni imodzi ndi mapaundi 8.3. Masilinda a gasi, mabatire, jenereta, makina ochapira, zovala za m'chipinda chogona, zonsezi m'makalavani ambiri zimakhala kutsogolo, cha pamwamba pa chipini chija. Ndiye tengani GVWR, muwerengere 22 pa 100. Mupeza mapaundi 3,520. Onjezani chitsulo chokokera, tinene 200. Onjezani bambo, mayi ndi ana awiri, tinene 500. Bokosi la zipangizo, jeke, nkhuni, galu, 200 ina. Zonse zakwana 4,420. Ngati kapepala ka pikiapu yanu ya tayala limodzi kakuti 3,900, mwadutsa ndi mapaundi 520 musanatuluke n'komwe pa geti. Dually yokhala ndi 5,400 pa kapepala ikusiyirani malo a mapaundi pafupifupi 1,000.

Tsopano sinthani kalavaniyo ikhale ya mapaundi 11,000. Chipini chitsamira ndi 2,420, kuphatikiza 900 ya anthu ndi zinazo ndi 3,320. Pikiapu ya tayala limodzi ija ikukwanitsa, malo n'kutsalako. Kugula dually pa kalavani yotere ndi kungotaya ndalama.

Wina anganene kuti malire amenewa opanga amangolemba mwamantha, chitsulo chikhoza kupirira zoposa pamenepo. Pa zitsulo tikhoza kukangana mpaka dzuwa kulowa, koma pa matayala palibe mkangano. Tayala lililonse lili ndi nambala yake m'mbali. Tayala lofala pa mapikiapu a tayala limodzi, LT275/70R18 la gulu E, limasenza mapaundi 3,640 likapopedwa kufika 80 psi. Awiri ndi 7,280, mapeto ake ndi pomwepo. Kumbuyo kwa pikiapu ya dizilo yopanda katundu kumalemera kale mapaundi oposa 3,000. Ikanipo 3,520 ya chipini ndi chokokera chija, ndi gawo la anthu okhala mpando wakumbuyo, muona kuti mwafika pakamwa penipeni pa malire a matayalawo. Kenako muyende maola asanu pa phula lotentha la ku Arizona mwezi wa July. Tayala lolemedwa limapindika kwambiri m'mbali, kupindikako kumabala kutentha, ndipo kutentha ndi kumene kumaphulitsa tayala.

Dually imavala matayala ocheperako, monga LT235/80R17, amene lililonse likakhala pawiri limaloledwa mapaundi 2,835. Anayi akukwana 11,340, kuposa malire a ekiselo yomwe, amene amakhala cha m'ma 10,000. Tayala lililonse limayenda mopumira. Ndipo limodzi likaphulika muli pa liwiro, linzake limagwiriziza galimoto mpaka mutaima pambali. Pa tayala limodzi, likaphulika, limu imagwa pa phula muli ndi matani asanu ndi awiri akukankhani kumbuyo.

Palinso nkhani ya mphepo. Fifth wheel yaikulu imatalika kupita m'mwamba pafupifupi mafiti 13, mbali yake ndi khoma lathunthu. Pa msewu wa I-80 ku Wyoming mphepo imagubuduza ngakhale mathiraki akuluakulu. Thiraki ikakudutsani, mpweya wake umakankha kalavani, kalavani n'kupendeketsa pikiapu. Munthu akamasenza thumba la chimanga pamalo oterera amatangadza miyendo, saimika mapazi pamodzi. Dually ndi yotangadza chomwecho, ndipo mbali za matayala zolimbana ndi kupendekako ndi zisanu ndi zitatu m'malo mwa zinayi. Oyendetsa amene anayesapo zonse ziwiri amanena chinthu chimodzi, kuti madzulo amafika osatopa kwambiri chifukwa manja sanali kulimbana ndi chiwongolero tsiku lonse. Potsika mapiri a ku Colorado, kuchoka pa Eisenhower Tunnel pa msewu wa I-70, kukhazikika kumeneko kumamveka m'thupi, ngakhale kuti kuchepetsa liwiro kwenikweni ndi ntchito ya exhaust brake, buleki yogwira kudzera mu injini, ndi mabuleki a kalavaniyo, zimene pikiapu ya tayala limodzi nayonso ili nazo.

Nanga bwanji aliyense osangogula dually n'kuthana nazo? Chifukwa kalavani imaimikidwa, koma galimoto mumakhala nayo tsiku ndi tsiku. Dually m'chiuno mwake ndi yotambalala pafupifupi mainchesi 96, mamita 2.4, pamene inzake ndi cha m'ma 80. N'chifukwa chake imakhala ndi timagetsi tachikasu tisanu pa denga la kabu, popeza lamulo la ku America limafuna timagetsi totere pa galimoto yotambalala mainchesi 80 kapena kuposa. Malo oimika galimoto pa sitolo amakuchepelani. Makina ambiri otsukira magalimoto saloleza dually. Kanjira kogulira chakudya muli m'galimoto kapena kotapira ndalama ku banki kamasanduka mayeso, ndipo ndaona mapiko akumbuyo ong'ambika ochuluka a anthu amene anaiwala kuti chiuno n'chachikulu kuposa mutu. Nthawi yosintha matayala mugula asanu ndi limodzi. Pa milatho ndi misewu yodutsa pansi pa mtsinje yolowera ku New York, ya bungwe la Port Authority, galimoto ya matayala awiriawiri kumbuyo imaikidwa gulu lina, lolipira zambiri.

Ikakhala yopanda katundu, dually imagunda msana pa mabampu, ndipo pa chipale chofewa kapena m'matope imaterereka msanga kuposa mmene anthu amaganizira, chifukwa kulemera kochepa kwa kumbuyo kwagawidwa pa matayala anayi, palibe limene likukanikiza pansi mokwanira. Kwa munthu wokhala ku Michigan kapena ku Alberta amene apite nayo ku ntchito mu January, imeneyi si nkhani yaing'ono. Pa msewu wamiyala, mwala umatha kupanikizika pakati pa matayala awiriwo n'kumadya mbali zake pang'onopang'ono.

Za bodi ndingonena mwachidule. Ma dually ambiri amakhala ndi bodi yaitali ya mafiti 8, imene imapatsa mphuno ya kalavani malo pokhota. Ya tayala limodzi mukhoza kuipeza ndi bodi yaifupi, yosavuta kuimika, koma pamenepo pangafunike chokokera chotsetsereka, chimene chimasunthira m'mbuyo pokhota, apo ayi pokhota kwambiri mobwerera m'mbuyo ngodya ya kalavani iswa galasi lakumbuyo la kabu. Chokokera chotsetserekacho n'cholemera, chimadyanso payload.

Pali njira yachidule imene ambiri amaikonda, yoika matumba a mpweya, ma airbag, pa masipuling'i akumbuyo. Amathandiza kuti galimoto isagwade kumbuyo, magetsi asaloze kumwamba. Koma sasintha nambala iliyonse pa chitseko chija, sawonjezera mphamvu ya tayala kapena ya limu. Galimoto imangooneka yowongoka ili yolemedwa chimodzimodzi, ndipo kwa ine zimenezi n'zoopsa kwambiri chifukwa diso silikuchenjezaninso.

Mukandifunsa pamene ndimadula mzere, ndinena chonchi. Kalavani ya GVWR yosapitirira mapaundi 13,000 kapena 14,000, pikiapu ya 350 kapena 3500 ya tayala limodzi imakwanira nthawi zambiri, bola kapepala kavomereze. Kuyambira 16,000 kupita m'tsogolo, makamaka zija zokhala ndi galaja kumbuyo zonyamulira njinga zamoto, kapena ngati mukhalamo chaka chonse ndi katundu wa moyo wanu wonse, tengani dually osanyinyirika. Pakatipo ndi pamene pamavuta, ndipo yankho limadalira kuti pa masiku a chaka ndi angati amene mukhale mukukoka. Wokoka milungu itatu pa chaka, masiku ena onse akupita ku ntchito m'tauni, ndimamulangiza kuti achepetse kalavani m'malo mokulitsa galimoto. Oyendetsa amene ntchito yawo ndi kutenga makalavani atsopano ku Elkhart kukatula kwa ogulitsa, ambiri amayendera dually, chifukwa sadziwa kuti mawa apatsidwa yolemera bwanji.

Amene muli nazo kale zonse ziwiri, musangoganizira. Pa malo ambiri omwetsera mafuta mathiraki pali masikelo a CAT Scale, ndipo mtengo wake ndi wochepa. Dzazani mafuta, kwezani banja lonse, kalavani ikhale mmene imakhalira pa ulendo. Sikeloyo ili ndi zigawo zitatu, matayala akutsogolo pa choyamba, akumbuyo pa chachiwiri, a kalavani pa chachitatu. Kenako kamasuleni kalavani, mubwerenso ndi pikiapu yokha. Kusiyana kwa kulemera kwa pikiapu pa mapepala awiriwo ndiye kutsamira kwenikweni kwa chipini. Nambala ya ekiselo yakumbuyo muiyerekeze ndi GAWR komanso ndi matayala anu.

Musaiwale laisensi. Dually ya 14,000 ndi kalavani ya 14,000 zikukwana 28,000, kudutsa mzere wa mapaundi 26,001. Ku Texas zimenezi zimafuna laisensi ya Class A ngakhale simukuchita malonda. Ku California fifth wheel yoposa mapaundi 15,000 imafunanso Class A yosakhala ya malonda. Zigawo zina sizifunsa kanthu pa kalavani ya banja, ndiye funsani ku ofesi ya malaisensi ya kumene mumakhala musanasaine.

Ndipo mukamagula dually yogwiritsidwapo kale, gwadani muyang'ane matayala am'kati. Mavalavu ake ndi ovuta kufikira, eni ambiri amangopopa akunja okha, lam'kati n'kumayenda lophwa miyezi yambiri linzake likusenza zonse. Unikani ndi tochi, mupeze nambala ya DOT m'mbali mwa tayala. Manambala anayi omaliza ndi sabata ndi chaka chimene linapangidwa, 2319 kutanthauza sabata ya 23 ya 2019. Ngati akunja ndi atsopano koma am'kati ndi akale, chotsani mtengo wa matayala pa ndalama zimene mwiniyo akufuna.